Chitseko cha ku Linga

Ndinalembedwa ntchito ya ku nazale ya mitengo nthawi imene zipani zinali zitangoyamba kuchuluka, anthu akuphunzira kumene kulankhula mokweza pa msika wa Kandeu osacheukira kumbuyo. Ndinali ndi ana awiri, bambo wawo atapita ku Joni n'kuiwala njira yobwerera. Ntchito yathu inali yosamala nkhalango ya m'phiri la kumtunda kwa mudzi wathu. Tinkafesa njere za mitengo, kuthira dothi m'machubu, kuthirira mbande, kudzala mvula ikagwa, ndipo udzu ukayamba kuuma tinkalambula mizere yotchinga moto. Wotiyang'anira anali mnyamata wofatsa wongochoka kumene ku sukulu ya zankhalango. Tinkamutchula kuti bwana ngakhale anali wamng'ono kwa ambiri a ife.

Chimene tinalibe chinali posungira zida. Aliyense ankapita nalo kwawo khasu kapena chikwanje cha ku ntchito, ndipo khasu likagona kumudzi limadzuka litalimako kachewere. Makheni othirira ankasanduka ndowa zotungira madzi. Njere za paini zinkakhala kunsi kwa bedi la bwana, makoswe n'kumadyerera.

Pamwamba pa nazale, pa chitunda choyang'ana kumalire, panali nyumba ya miyala imene tonse tinkaitcha ku Linga. Anaimanga asilikali a atsamunda kalekale. Makoma ake anali okhuthala kwambiri, okhala ndi timabowo totulutsira mfuti, ndipo mkati munali chipinda chachikulu, china chapakati, ndi kena kakang'ono kopanda zenera. Amalume anga, mlongo wawo wa mayi, ankaidziwa nyumbayo kuposa aliyense m'mudzi. Ali mnyamata, asilikali anawayezera chifuwa pakhonde pake, kuwayang'ana mano ngati ng'ombe ya pamsika, n'kuwakweza lole kupita ku nkhondo yaikulu ya azungu. Anabwerako ndi mamendulo ndi chifuwa chosatha. Kenaka m'nthawi ya chipani chimodzi, anyamata a yunifolomu atasandutsa nyumbayo malo awo, anawagwira amalumewo akupita kumsika ndi dengu la kachewere alibe kadi ya chipani. Anawatsekera m'kachipinda kopanda zenera kaja, ndipo anatulukamo miyendo itatupa. Anyamata aja atabalalitsidwa, anthu anakazula malata ndi mafelemu, nyumba n'kutsala ya mbuzi ndi mileme.

Tsiku lina bwana anatiuza kuti bungwe lina lakunja lavomera kupereka malata, matabwa ndi laimu kuti nyumba ya ku Linga ikonzedwe ikhale yosungiramo zida za nkhalango, koma manja ogwira ntchitoyo akhala athu. Nkhaniyo itafika m'mudzi, anthu anagawikana. Ena ankati nyumba imene anthu analiriramo ingogwetsedwa, miyala yake amangire mlatho. Ine ndinkayesa amalume akhala patsogolo pa amenewo, ndiye ndinawafunsa ndikuwapatsa madzi osamba m'manja.

“Khoma silinandimenye, mwana wa mlongo wanga,” iwo anatero. “Anandimenya ndi anthu, ndipo ena a iwo ndimakhala nawo benchi limodzi kutchalitchi. Ikonzeni. Ikhaleko ndi ntchito yabwino kamodzi.”

Tinayamba ndi kukokolola ndowe za mbuzi, zimene zinali zitafika m'mawondo. Tinazitutira ku nazale, ndipo mbande za chaka chimenecho zinabiriwira ngati zathiridwa feteleza. Amuna anapha njoka zimene zinkakhala m'ming'alu, ife akazi tikusenza mchenga kuchokera kumtsinje kukwera nawo chitunda. Khosi langa limandikumbutsabe mchenga umenewo kukazizira. Mmisiri womanga anachokera ku Champiti, munthu wosalankhula zambiri, ndipo mwala uliwonse umene unagwa ankauzunguza m'manja mpaka apeze pamene unachoka. Timabowo ta mfuti sanatitseke, anangoikamo waya kuti mphepo izilowa koma mileme ayi.

Chimene chinasowa chinali chitseko. Amalume ankakumbukira chitseko cha mlombwa, cholemera, chokhomedwa ndi misomali ya mitu ikuluikulu, ndipo anayamba kufunsafunsa m'midzi. Anakachipeza kwa bambo wina atatsekera khola la ng'ombe. Mwini khola anakana kuchipereka, nati chinali cha makolo ake, koma amalume anakhala pansi pakhomo pake kuyambira m'mawa, osakalipa, osachoka, mpaka mkazi wa bamboyo anachita manyazi ndi anthu odutsa. Chinabwera pa ngolo. Ine ndi amene ndinachitsuka ndowe, kuchikwecha ndi mchenga, kuchipaka mafuta mpaka mtundu wa mlombwa unabwerera. Kalipentala atachiimika, ndinachitsegula ndi kuchitseka kangapo popanda chifukwa, kungofuna kumva kulemera kwake.

M'chipinda chachikulu tinakhoma misomali yokolekapo zikwanje, zitchetcho ndi zikwapu za labala zozimira moto, pansi tikuimika mawilibala ndi makheni. Chapakati chinakhala ofesi ya bwana. Kachipinda kopanda zenera kanali kozizira ndi kouma, ndiye tinaikamo njere, ndipo bwana anati woziyang'anira ndikhale ine. Amalume anabwera kudzaona. Anaima pakhomo pa kachipindako nthawi yaitali, akuyang'ana zitini za njere pa mashelefu, kenaka anangoti kamanunkhira bwino tsopano, n'kutuluka.

Tsiku lotsegulira nyumbayo ndi pamene ndinayamba kumva kuwawa. Mlendo wolemekezeka anali wampando wa chipani cholamula m'dera lathu, bambo wonenepa wa golosale yaikulu ndi galimoto ya lole. Tonse tinkamudziwa. M'nthawi ya chipani chimodzi anali mmodzi wa anyamata a yunifolomu aja, ndipo ndiye amene anawalanda amalume dengu la kachewere. Zinthu zitasintha anangosintha mtundu wa malaya. Anaima pakhonde, pa miyala imene ife tinasenza, n'kunena kuti nyumba iyi ndi umboni wa chitukuko chimene chipani chake chabweretsa, ndiponso kuti masiku ankhanza anapita. Anthu anaomba m'manja. Mmisiri wa ku Champiti sanamutchule, ife osenza mchenga tinatchulidwa kuti “amayi athu ovina bwino”. Amalume anali atapemphedwa kutsogolera gule wa ngoma, ndipo anabwera atavala nthenga zawo, chishango m'manja. Ataona amene waima pakhonde anakhala pansi, chishango pamaondo, ndipo sanadzuke mpaka mwambo unatha.

Komabe chaka chotsatira tinagwira ntchito mokoma. M'mawa aliyense ankatenga chida chake pa msomali, madzulo n'kuchibweza. Mvula ikatipeza tinkathawira m'nyumbamo n'kumawotcha chimanga pakhonde. Tinadzala paini ndi mbawa mbali yonse ya kumtunda kwa phiri, kumene kunali kutayera ndi owotcha makala, ndipo mitengoyo inagwira bwino.

Kenaka phungu wa dera lathu anamwalira, ndipo kunabwera chisankho chapadera. Chinali chaka cha njala, chimanga chitavuta. M'mwezi wa Seputembala lole ya wampando uja inakwera chitunda itadzaza matumba a chimanga ndi mitolo ya nsalu za chipani, zoti azikagawa pa misonkhano. Anati kugolosale kwake kulibe malo ndipo akuba achuluka, pamene ku Linga kuli makoma olimba. Anati ndi za masiku ochepa chabe. Bwana anayesa kukana, akunena kuti nyengo ya moto yafika ndipo zida ziyenera kukhala pafupi, koma wampando anamufunsa ngati akuikonda ntchito yake. Mawa lake uthenga unabwera kuchokera kwa akuluakulu a bwana kuti asalimbane ndi anthu andale. Matumba analowa m'chipinda chachikulu, kutsekereza mawilibala athu kukhoma. Potuluka anachotsa loko wathu pa chitseko n'kuikapo wake, wamkulu ngati chibakera, kiyi n'kuponya m'thumba la jekete.

Kuyambira pamenepo, kuti tigwire ntchito ya boma tinkayamba takapempha kiyi kunyumba ya wampando. Ankatuma ine chifukwa njere zinali m'manja mwanga. Ndinkaima pa geti pake ngati wopempha mchere, agalu akundiuwa, mpaka adzuke, asambe, amwe tiyi. Akakhala ndi mtima wabwino ankatumiza mlamu wake kuti akatitsegulire, atiyang'anire potenga zida ngati ndife akuba, n'kutsekanso. Akakhala kuti wachoka, tsiku limenelo tinkazula udzu ndi manja. Ndinamupempha kuti mwina titulutse zikwapu zozimira moto zokha tizisunga ku nazale. Anaseka, nati katundu wa boma sagona panja, ndipo mkazi asamuphunzitse malamulo. Masiku ochepa aja anakhala mwezi, mwezi n'kulowa wina.

Moto unabuka mu Okutobala, dzuwa lili paliwombo. Unayambira kuseri kwa phiri, mwina kwa osaka mbewa, ndipo mphepo inkawomba kuchokera kumalire kulunjika ku mitengo yathu yaing'ono. Tinali ku nazale pamene tinaona utsi. Bwana anali atapita kuboma. Mnzathu wina anathamanga pa njinga kunyumba ya wampando, n'kubwerera ndi mawu akuti bamboyo ali ku msonkhano wa kampeni kuchigwa, mlamu wake ali naye komweko, ndipo kiyi ali m'jekete.

Tinasonkhana pakhonde la ku Linga, tikuyang'ana loko. Kudzera pa kabowo ka mfuti zikwapu zinkaoneka zili pa misomali yake. Amuna anayesa kukanula loko ndi chitsulo koma sanatheke, ndipo chogwirira chake mmisiri anali atachilowetsa mkati mwa mwala. Njira inali imodzi, kudula thabwa la chitseko pamene panakhomedwa chitsulo. Kapitawo wathu anati iye sangayerekeze, mkatimo muli katundu wa chipani, ndipo ali ndi ana asanu. Ena anayang'ana pansi. Sindiwanena, pakuti mantha amenewo tonse tinakula nawo. Utsi unali utayamba kuphimba dzuwa, phulusa likugwera pamitu pathu.

Amalume anafika akutsimphina ndi ndodo yawo, ataona utsi ali kumudzi. Anamvetsera pang'ono, akupuma movutika.

“Thyolani,” anatero. “Chitsekocho ndinachipeza ndine. Thyolani.”

Palibe mwamuna anasuntha. Panali mayi wina amene ankachokera kotola nkhuni, nkhwangwa ili paphewa. Ndinamulanda nkhwangwayo. Mlombwa wakale ndi wolimba ngati chitsulo, ndipo nkhwangwa yoyamba inangodumpha, manja anga n'kuchita dzanzi. Ndinatema pomwe ndinkapaka mafuta paja, misozi ikutuluka, koma sinali misozi yachisoni. Ndinkatema ndikuona nkhope ya munthu amene anali kuchigwa akulonjeza anthu chitukuko. Thabwa litang'ambika, kapitawo yemwe uja anakankha ndi phewa, chitseko n'kutseguka. Tinakwera pamwamba pa matumba a chimanga kuti tifikire zida zathu.

Tinathamangira kumtunda, anthu a m'mudzi akutitsatira ndi nthambi zaziwisi. Mbali ya kumtunda tinaipeza itapita kale. Paini wamng'ono sapirira moto, amangoti phu ngati udzu, ndipo tinaona mizere imene tinadzala ndi manja athu ikuyaka umodzi umodzi. Tinabwerera pa mzere wotchinga moto wa pakati pa phiri n'kuima pamenepo. Amuna ankatchetcha ndi kukokera udzu kumbuyo, ife tikumenya malawi amene ankadumpha mzere. Chitenje changa chinagwira moto m'mphepete, mnzanga n'kuchizima ndi dothi. Nsidze zinapserera, kukhosi kunauma moti malovu sankamezeka. Dzuwa likupendeka mphepo inatembenuka, ndipo moto unafera pa mzere uja. Nazale inapulumuka, nkhalango yakale ya kumunsi inapulumuka, ndi nyumba za udzu za m'mphepete mwa mudzi zomwe. Tikanakhala ndi zida pamene tinaona utsi woyamba, tikanaukumanira kuseri kwa phiri usanafike pa mitengo yaing'ono. Zimenezo aliyense amene anagwirapo ntchito ya moto ankazidziwa.

Pamene ife tinali kuphiri, chitseko chinali pululu, ndipo chaka chinali cha njala. Matumba ena a chimanga anatuluka. Sindikudziwa amene anatenga, ndipo ndikanadziwa sindikananena. Chimangacho chinali choti chigawidwe kwa anthu omwewo akaimba nyimbo za chipani.

M'mawa mwake apolisi anandipeza ndikupaka mafuta pa zilonda za m'manja. Wampando anali atakanena kuti ndinathyola nyumba ya boma n'kuba chimanga, ndiponso kuti ndine wa chipani chotsutsa, wotumidwa kuti ndisokoneze kampeni. Ine amene ndinali ndisanapiteko ku msonkhano wa chipani chilichonse. Anasecha m'nyumba mwanga ana akuona, napeza ufa wa m'kathumba umene ndinagula ku Kandeu. Anandisunga kupolisi mpaka madzulo, kenaka anandimasula chifukwa panalibe umboni wa kuba. Wapolisi wina wachikulire anandiperekeza mpaka pamsewu, nandiuza motsitsa mawu kuti akanakhala iye akanathyolanso, koma ndisanene kuti watero.

Nkhani ya chitseko sinathere pamenepo. Akuluakulu a bwana anabwera kuchokera kuboma kudzamva mlandu, ndipo anakhala m'chipinda chapakati cha ku Linga, pa mipando imene tinapempha kusukulu. Wampando anakhala nawo mbali imodzi ya tebulo ngati woweruza mnzawo. Ine ndinaimirira. Anandifunsa ngati ndinalandira chilolezo chothyola chitseko, ndipo ndinati ayi. Anandifunsa ngati ndikudziwa kuti nyumbayo ndi yakale, yofunika kusungidwa, ndi kuti chitsekocho sichingapezekenso china. Munthu wondiuza zimenezo anali asanaionepo nyumbayo ili ndi ndowe za mbuzi.

“Chitsekocho ndinachitsuka ndine, bwana,” ndinatero. “Funsani amene anaikapo loko wake pa nyumba ya boma, zida za moto zili mkati, mwezi wa moto.”

Anandiyankha kuti imeneyo si nkhani imene abwerera. Bwana wathu wamng'ono anayesetsa. Ananena kuti popanda zida zija nazale ndi mudzi zikanapsa, ndi kuti iye anachenjeza za loko. Anamuuza kuti alankhule zimene wafunsidwa zokha. Za mitengo imene inapsa palibe anafunsa. Palibe ngakhale mmodzi wa iwo anakwera phiri kukaona.

Amalume anali panja nthawi yonseyi. Anali atavala jekete lawo lakale ndi mamendulo onse pachifuwa, atayenda wapansi kuchokera kumudzi kuti adzanene kuti analamula kuthyola ndi iwo. Mlamu wa wampando anawaletsa pakhomo, nati mkati muli akuluakulu. Anthu aja potuluka, amalume anaimirira patsogolo pa wampando, anthu onse akuona.

“Munanditsekera m'nyumba umu ndili ndi mphamvu zanga, lero mukunditsekera kunja ndili nkhalamba,” anatero. “Inu ntchito yanu ndi maloko basi. Mudzafa musanadzalepo mtengo.”

Wampando anaseka, nauza alendo aja kuti madala akalamba, asawatengere. Anakwera galimoto n'kupita kukadya.

Ine anandichotsa ntchito chifukwa chowononga katundu wa boma. Bwana wamng'ono anamusamutsira kutali kumpoto, ndipo tsiku lonyamuka anabwera kunyumba kwanga kudzatsanzika, osatha kundiyang'ana kumaso. Ndinamuuza kuti iye ndilibe naye mlandu. Matumba otsala anachoka ku Linga chisankho chitatha, osati chifukwa wina analamula, koma chifukwa anali atagawidwa. Pakhomo anaikapo chitseko chachitsulo chopaka utoto wobiriwira, chimene chinagulidwa kugolosale ya wampando. Cha mlombwa chija anachiimika kuseri kwa nyumba, ndipo patapita nthawi chinasowa. Amalume anadwala chifuwa chawo chija mvula itayamba, tinawatengera kuchipatala cha ku Nzama, ndipo anamwalira chimanga chisanache.

Chimene chimandiwawa kwambiri mpaka lero chinachitika dzinja lotsatira. Kunabwera thandizo lodzalanso mitengo mbali imene inapsa, ndipo ntchito yonyamula mbande ndi kulemba aganyu anaipereka kwa wampando yemwe uja, poti ndiye anali ndi lole. Mbande zake zinali za mu nazale yathu, zimene ine ndinafesa ndisanachotsedwe. Anzanga anandiuza kuti ndipite ndikalembetse ganyu, ana asagone ndi njala chifukwa cha mtima wanga. Sindinapite. Ndinakalima kachewere m'dimba la mayi.

Aganyu ake anadzala m'mphepete mwa msewu mokha, mmene alendo angaone ali m'galimoto. Tsiku lina ndikufuna nkhuni ndinatsikira m'khwawa la kuseri kwa nazale, ndipo ndinapeza mulu wa mbande zitatayidwa momwemo, zili m'machubu ake, zina zitauma, zina zikadali ndi moyo chifukwa cha chinyezi. Ndinakhala pansi m'khwawamo mpaka mkwiyo unatsika pang'ono. Kenaka ndinataya nkhuni, ndinasankha za moyo, n'kudzaza dengu.

Ndinabwererako kangapo ndi amayi awiri a m'mudzi. Tinadzala m'mphepete mwa mtsinje, kumanda, ndi m'malire a minda yathu. Zambiri zinafa chifukwa zinali zitakhalitsa m'machubu, mizu itapindika. Mbawa zingapo zinagwira, ndipo za kumanda ndi zazitali tsopano. Mdzukulu wanga atabwera kuchokera kusukulu n'kundiuza kuti aphunzira kuti mitengo ya m'dera lathu inabwera ndi chitukuko cha atsogoleri, ndinamuuza avale nsapato, ndipo ndinapita naye kukhwawa kuja kukamuonetsa machubu akuda amene mpaka pano amatuluka m'dothi mvula ikakokolola.